Mwana Aphunzire za Ndalama Akali Pakhomo

Pamisonkhano ya makolo ndi aphunzitsi, m'magulu a amayi a kumpingo, ngakhale m'minibasi momwe, pamabuka kawirikawiri mkangano wa kandalama kamene makolo ena amapatsa ana awo pa sabata. Ndipo chimene chimandiwawa ine n'chakuti anthu amatha malovu pofunsana ngati mwana ayenera kugwira ndalama kapena ayi, chonsecho mwanayo anayamba kale kuigwira tsiku limene anatumidwa koyamba kukagula mchere pa okala. Maganizo anga ndi awa: mwana apatsidwe kandalama kakekake, kochepa, pa tsiku lodziwika, ndipo wompatsayo akhale naye pansi n'kumlangiza, pakuti kuongola mtengo mpoyamba.

Otsutsa ali ndi mawu atatu amene amangowabwereza: kuti ndalama imaphunzitsa mwana kuba, kuti umenewu ndi mwambo wachizungu, ndi kuti iwo anakula bwinobwino osapatsidwa kanthu. Pa mawu otsirizawa ndingofunsa kuti, ngati tinakuladi bwino, nanga bwanji ambiri a ife malipiro amatithera sabata yoyamba ya mwezi, n'kumakagwada kwa akatapila amene amatilanda ndi ziwiya zomwe? Amene amati ndalama ndiyo muzu wa zoipa awerengenso kalata ya Paulo kwa Timoteo, pakuti mtumwiyo anadzudzula chikondi cha pa ndalama, ndipo chikondi chimenecho chimakula msanga mumtima wa munthu amene ndalama anaidziwira kutali, akuisirira m'manja mwa ena.

Zoti ndi mwambo wachilendo n'zosaona konse. Makolo athu, amene sanadziwe kwacha kufikira 1971 pamene inalowa m'malo mwa paundi, anali ndi njira yawo yopatsira mwana chuma. Agogo kapena atsibweni ankatenga msoti n'kuupereka kwa mwana, nati, "Nkhuku iyi ndi yako, uisamale." Kuyambira tsiku lomwelo mwana ankadzuka m'mawa kukatsekula khola, kuwaza madeya, kuwerenga anapiye ndi kuingitsa kabawi, ankaphunzira kuti dzira lodyedwa lero ndi nkhuku yotayika ya mawa, chitopa chikalowa m'mudzi ankalawa kuwawa kwa kutaya chuma, ndipo nkhuku zikachuluka ankazisinthanitsa ndi kambuzi. Tsono pakafika alendo, mayi ankamuitanira kuseri n'kumupempha kuti, "Mwanangu, tipatseko tambala wako tiwaphere alendowa," ndipo mwanayo, popereka chimene anachivutikira, ankazindikira kuti kupatsa n'kuika. Mwana wa ku Ndirande, ku Area 25 kapena ku Zolozolo, amene makolo ake akukhala m'nyumba ya lendi yopanda khola kapena dimba, adzaphunzira kuti zimenezi ngati timmana ngakhale kandalama kolowa m'malo mwa msoti uja?

Kachitidwe kake sikovuta. Loweruka lililonse mwana alandire gawo lake, ndipo aligawe patatu makolo akuona: ina yodyera, ina yoponya m'kachitini koboola pachivundikiro, ina ya chopereka ku tchalitchi kapena ku mzikiti, ngakhale yogulira agogo sopo. Phunziro lenileni limadza Lachitatu, pamene mwana amene anamalizira yonse pa mandasi ndi zitumbuwa Lolemba afika ndi misozi, nati, "Amayi, yanga yatha." Apa m'pamene mayi wanzeru, ngakhale mtima ukumupweteka, amayankha mofatsa kuti, "Udikire Loweruka, mwanangu," pakuti kuli bwino kuti munthu alire chifukwa cha mandasi ali ndi zaka 7 kusiyana n'kuti adzalire chifukwa cha ndalama ya lendi ali ndi zaka 30. Amayi athu a banki mkhonde amalidziwa kale lamulo limeneli, popeza sabata ndi sabata amaponya masheya awo mosajomba, nadikira kufikira tsiku logawana. Chimene chatsala n'kungoti nzeru imeneyi ilowe m'nyumba ndi kufika kwa ana.

Nyengo imene tilimo yachititsa kuti phunziroli lifunike koposa kale. Mwana wa lero amaona ndalama ikutuluka m'foni kudzera pa Airtel Money kapena Mpamba, osaona thukuta limene inatulukamo, ndipo foni yomweyo idzamuitanira ku juga ya mpira akadzangosinkhuka. Ndiponso kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kotero kuti ndalama yongogona m'chitini imaonda yokha. N'chifukwa chake mwana asunge ali ndi chinthu m'maso, kaya ndi nsapato, kaya mpira, kaya mwanapiye, kuti adziwe kuti kusunga kuli ndi cholinga. Pajatu m'fanizo la matalente, kapolo amene anadzudzulidwa ndi uja anakwirira ndalama pansi.

Komabe pali mfundo ziwiri za otsutsa zimene sindingazikankhire kumbali. Yoyamba ndi umphawi, pakuti alipo mabanja ochuluka amene, ngakhale sukulu ya pulayimale inakhala yaulere mu 1994, amavutikabe kupeza kope ndi cholembera, ndipo kuwauza za ndalama ya pa sabata kungamveke ngati chipongwe. Kwa iwo ndinena kuti phunziroli siligona pa kuchuluka kwa ndalama: K100 ikwanira, mizere iwiri ya mtedza kumapeto kwa munda ikwanira, monga tindalama tiwiri ta mkazi wamasiye uja tinakwanira pamaso pa Ambuye. Ndipo olemera asapatse ana awo zochuluka zokachititsa nazo anzawo manyazi kusukulu, pakuti kumeneko n'kufesa matama.

Yachiwiri ndi mantha akuti mwana adzayamba kufuna malipiro pa ntchito iliyonse, ndipo apa ndivomerezana nawo ndi mtima wonse. Kusesa pabwalo, kutsuka mbale, kutunga madzi ndi kulera mng'ono wake si ganyu ayi. Ndi udindo wa aliyense wodya pa mphika wa pakhomopo, ndipo kholo limene limagula ntchito zimenezi ndi ndalama lidzadabwa tsiku limene lidzadwala, mwana n'kufunsa mtengo wa kapu ya madzi. Kandalama kaja kaperekedwe chifukwa mwanayo ndi wa m'banjamo ndipo akuphunzira, ntchito nazo azigwire chifukwa chomwecho.

Za kuba, ine ndiona kuti mwana amene ali ndi yake, imene makolo akuidziwa kuchuluka kwake, ndiye amene savuta kumufunsa kuti, "Nanga iyi waitenga kuti?" Funso limenelo lingapulumutse mtsikana kwa achidyamakanda amene amakola ana ndi timphatso.

Tsono inu makolo, nkhuyu zodya mwana zipota wamkulu. Musadikire kuti anzake a m'misewu ndiwo amphunzitse mwana wanu za ndalama; Loweruka likudzali mupezereni kachitini, mpatseni kochepa kamene mungathe, ndipo khalani naye pansi muwerengere limodzi.