Undi Sanagule Ufumu kwa Satana

Mwezi wathawu, tili pabwalo madzulo kuno ku Malowera, mphwanga anaika foni yake pamtondo kuti tonse timvere nthano. Anakailowetsa kumsika, kwa anyamata aja odzaza nyimbo ndi mafilimu m'makadi a foni. Wosimbayo anali wa mau okoma, Cinyanja cake cosalala. Akuti mngelo wina atagwetsedwa kumwamba anatera paphiri, ndipo Undi anapita kwa iye usiku, napereka magazi a anthu kuti alandire ufumu. Akutinso zilombo za Gule ndi ana a mngeloyo. Itatha nthano, mwanayo anandiyang'ana nati: "Atsibweni, ndiye kuti agogo akamapita ku Kulamba amakagwadira Satana?"

Usiku umenewo tulo sitinabwere. Ndikudziwa kuti ambiri a inu, abale anga a mbali zonse ziwiri za malire, mumazikonda nthano zoterezi. Ine ndikuzitsutsa, ndipo ndinena cifukwa cake.

Nthano za mizimu ndilibe nazo mlandu. Tonse tinakulira m'menemo. Mlembi wa dziko lathu lino, Ungulani Ba Ka Khosa, m'buku lake la 1987 lochedwa Ualalapi, anatenga Ngungunhane, mfumu ya ku Gaza, n'kumuzinga ndi malodza. Mu Choriro, la 2009, anabwera kucigwa ca Zambezi n'kusimba za mzungu amene anasanduka mambo, nalakalaka kuti akafa adzakhale mkango wa mzimu. Zodabwitsa za m'mabuku amenewa zinamera m'nthaka yomweyi, ndipo ukawerenga umawadziwa bwino anthu akalewo, zabwino zawo ndi nkhanza zawo zomwe.

Angelo akugwa ali ndi kwawo. Olemba ambiri amawatenga m'mutu 6 wa Genesis ndi m'buku la Enoke, limene chalichi ca ku Ethiopia cimasunga mpaka lero. Amene akufuna kulemba za iwo alembe. Cimene ndikukana ndi kuwatenga n'kuwamata pa Undi, cifukwa kutero kumaononga zinthu zitatu.

Coyamba, kumafufuta mbiri. Undi anali wa mtundu wa Aphiri. Anapatukana ndi Kalonga n'kukhazika likulu lake ku Mano, m'cigawo cathu cino ca Tete. Dzina lakuti Maravia, la boma lathu, linacokera kwa Amaravi omwewo. Ufumu umenewu unakula ndi maukwati, ndi mitulo ya minyanga, ndi ulemu wa ku akacisi a mvula monga wa Makewana ku Msinja. Imeneyi inali nzeru ya anthu. Mwana akauzidwa kuti zonsezi anapatsa ndi mngelo woipa, waphunzira kuti makolo ake pawokha sakanatha kumanga kanthu.

Caciwiri, kumamasula olakwa enieni. Ngati mukufuna nkhani yoopsa, tili nayo. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, Kanyemba ndi Matakenya a ku Zumbo ankatuma Acikunda awo ndi mfuti kukagwira akapolo ndi kulanda minyanga m'midzi ya Ansenga. Pambuyo pake kunabwera cibalo ca Apwitikizi, asipayi akukoka amuna m'nyumba. Onsewa anali anthu a nyama ndi magazi, amene ankawerenga phindu lawo masana dzuwa likuswa mtengo. Nthano ikanena kuti mavuto a dziko lino anayamba ndi pangano la Undi ndi ciwanda, ogulitsa akapolo aja amatuluka m'bwalo la milandu manja ali oyera.

Cacitatu ndico cimandiopsa. Nkhani zoloza anthu kuti ndi a mdima zimathera pa mitembo. Mu 1925, ku Zambia wa lero, Tomo Nyirenda, amene ankadzicha Mwana Lesa, anamiza m'madzi anthu ambiri powanena kuti ndi mfiti, ndipo iye ananyongedwa mu 1926. Mu 2017, mphekesera za anamapopa zinaphetsa anthu osalakwa kumwera kwa Malawi. Nanga kuno cala cidzaloza ndani? Cidzaloza gogo wamasiye amene amathira nsembe ya ufa patsinde pa mtengo, ndi mkulu wa kudambwe.

Ena mudzati, "Ndi nthano cabe, asiyeni ana asangalale." Kumbukirani mmene agogo ankasimbira. Ankayamba ndi "Padangokhala," ife n'kuyankha "Tili tonse," ndipo ngakhale kamwana kankadziwa kuti talowa m'dziko la Kalulu. Ya pafoni ija inayamba ndi kulonjeza zoona zimene akuluakulu anatibisira. Inachula Undi, inachula Gule, maina amene eni ake ali moyo. Mwana wa zaka 12 asiyanitsa bwanji?

Inenso ndine wopemphera, ndipo Lamulungu simundipeza kumunda. Koma cikhulupiriro canga sicindituma kunamizira akufa. Amishoni analimbana ndi Nyau zaka zambiri, komabe mu 2005 bungwe la UNESCO linalemekeza Gule Wamkulu monga cuma ca Malawi, Mozambique ndi Zambia. Lero tiyambenso tokha kudzipaka matope cifukwa ca kadi ya foni? Mako ndi mako, usamuone kucepa mwendo.

Kwa inu osimba ndi olemba, pempho langa ndi ili: ngati mngelo wanu akufuna mfumu yopangana nayo, ipekereni dzina lanulanu, ndipo nenani poyamba kuti ndi nthano. Ngati mukufuna Undi, khalani pansi ndi nkhalamba zathu zisanathe, mufunse. Kwa inu makolo, mverani zimene zili m'mafoni a ana anu.

Mphwanga uja ndamulonjeza kuti mwezi wa Ogasiti tidzaoloka malire limodzi ndi agogo ake kupita ku Mkaika, ku Katete. Akaone yekha mafumu a maiko atatu akupereka mitulo kwa Kalonga Gawa Undi masana, pamaso pa khamu lonse, kenako andifunsenso funso lake lija.