Si ufa umene unawatengera ku Kapise

Omvera athu a ku Tsangano, a ku Furancungo ndi Macanga yense, pali mawu amene akuluakulu a boma ku Tete, ku Mozambique, anayankhula mu 2016, ndipo ena akuwabwerezabe lero. Akuti anthu amene anawolokera ku Malawi nthawi ija sanali othawa nkhondo, ankangotsatira chakudya chaulere chifukwa cha chilala. Ine ndikukana kwamtuwagalu.

Chilala chinalipodi. Koma Malawi nayenso anali pa njala ya dzaoneni, moti mu Epulo 2016 Pulezidenti Peter Mutharika analengeza kuti dziko lake lili pangozi. Ndiye mlimi wa ku Tsangano, amene kachewere wake amadzaza malole opita ku misika ya ku Ntcheu, angasiye munda, mbuzi ndi manda a makolo ake n'kukagona pansi pa lona ku Kapise, m'boma la Mwanza, poti wamva za ufa? Ndani amathawa njala n'kulowera kumene kuli njala inzake?

Eni ake anafotokoza. Anauza a Human Rights Watch ndi a UNHCR kuti asilikali a boma, posakasaka zigawenga za Renamo, ankatentha nyumba ndi nkhokwe, ati anthu a m'midzi akudyetsa anyamata a Afonso Dhlakama, mtsogoleri wa Renamo panthawiyo. Nkhokwe, abale anga. Munthu ukamuwotchera chimanga chake usabwerenso kudzamunena kuti wathawa njala. Pofika mu Febuluwale 2016 othawawo anali atapitirira 6,000, ndipo posakhalitsa anapitirira 10,000, mpaka Malawi anatsegulanso kampu ya Luwani ku Neno, yomwe inasunga makolo athu pa nkhondo imene inatha mu 1992. A Renamo nawonso sanali oyera m'manja, ankawombera magalimoto m'misewu. Koma zimenezo sizifafaniza zomwe amayi a ku Kapise anaona ndi maso awo.

Mu 2019 nyumba ya malamulo ku Maputo inakhululukira mbali zonse ziwiri, kenako Filipe Nyusi, pulezidenti panthawiyo, ndi Ossufo Momade wa Renamo anasaina pangano la mtendere. Mtenderewo tikuufuna ndithu. Koma kukhululukira munthu sikutanthauza kuti mlandu panalibe. Ndipo kuthawa sikunathe: zisankho za Okutobala 2024 zitatha, anthu ena zikwizikwi anathawiranso ku Nsanje. Boma la Pulezidenti Daniel Chapo livomereze poyera kuti ku Kapise kunali othawa nkhondo, litumize anthu m'midzi ya ku Tsangano akalembe nyumba ndi nkhokwe zomwe zinapsa, ndipo eni ake apatsidwe chipukuta misozi.