Thukuta m'mahedifoni: anthu akulira cipangizo, aiwala khutu

Dandaulo limene likumveka kawiri-kawiri pakati pa anthu amene amathamanga m'mawa m'makomboni a mu Chipata, monga ku Kapata, Mchini ndi Nabvutika, ndi lakuti mahedifoni a masiku ano sakhalitsa. Munthu agula lero, athamanga nao milungu itatu kapena inai, basi mbali imodzi yaleka kulira, inayo ikungomveka ngati wailesi imene mabatire ali pafupi kutha. Mlandu umagwera wogulitsa. Nthawi zina wogulitsayo amakhaladi wolakwa, koma nthawi zambiri cimene capha mahedifoniwo ndi thukuta la mwini wake.

Ndalama yotayika motere si yocepa pa nyumba pamene ndiwo ndi malasha zikuyembekeza thumba lomwelo. Cobvuta ndi cakuti nkhani imathera pa cipangizo. Thukuta limene laononga mahedifoni ndi lomwelo limene latsekeredwa m'khutu kwa ola lathunthu, koma za khutu palibe amene amafunsa kufikira tsiku limene layamba kutuluka mafinya.

Thukuta si madzi cabe. Lili ndi mcere, uja umasiya mizere yoyera pa cisote kapena pa shati likauma. Likalowa m'mahedifoni madzi amauma koma mcere umatsala, ndipo mcere umakoka cinyezi. Tizitsulo ta mkati timayamba dzimbiri, ndipo kasefa kamene kali pa mlomo wa hedifoni kamamatika ndi mcere wosanganikirana ndi phula la m'khutu ndi fumbi la mumseu. Mau akayamba kucepa, mwini wake samaganiza zoyeretsa kasefako. Iye amangokweza voliyumu. Tsiku limene wabwereka mahedifoni atsopano, dzanja lake linazolowera kale kukweza mpaka pothera.

Apa ndi pamene bvuto la cipangizo limasanduka bvuto la umoyo. Mu 2019 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO, pamodzi ndi bungwe la za mtokoma la ITU, linaika muyeso wakuti munthu wamkulu asapyole maola 40 pa mlungu akumvera mau a mphamvu ya madesibelo 80. Mau akakwera kufika pa madesibelo 90, nthawi yololedwa imatsika kufika pa maola anai cabe pa mlungu wonse. Munthu wothamanga m'mbali mwa mseu wa Great East, pamene malole akudutsa, amakweza nyimbo kuti igonjetse phokoso la injini. Timinyewa ta mkati mwa khutu timene timafa ndi phokoso sitimeranso. Ndipo amene samva lole kumbuyo kwake mbandakuca ali pa ngozi ina yosafunika kuifotokoza.

Opanga zipangizo anaona kale bvuto la cinyezi. Kampani ya Sony inatulutsa Walkman yoyamba mu 1979, ndipo mu 1983 inatulutsa ina yacikasu yopangidwira a masewera, imene siinali kuopa madzi odonthera. Amene anakula m'masiku a makaseti akumbukira mahedifoni a nthawiyo: kacitsulo kozungulira mutu ndi tisiponji tiwiri. Tisiponjito tinali kumwa thukuta, kununkha ndi kunyenyeka, koma tinali kukhala kunja kwa khutu, ndipo mpweya unali kulowabe. Mahedifoni ambiri a lero ali ndi timphira timene timalowa mkati ndi kutseka khutu ngati cotsekera botolo. Nyimbo imamveka bwino koposa kale, zimenezo palibe angatsutse, koma cinyezi cilibe potulukira.

Pa mabokosi ena pamalembedwa zilembo monga IPX4 kapena IPX7. IPX4 itanthauza kuti cipangizoco cinayesedwa ndi madzi owaza, ndipo IPX7 itanthauza kuti cinamizidwa m'madzi akuya mita imodzi kwa mphindi 30. Mayeso amenewa amacitika ndi madzi abwino, osati a mcere, ndipo citetezoco cimacepa cipangizo cikamakalamba. Komanso pa katundu wacinyengo aliyense angadinde zilembo zimene afuna. Ngakhale zilembozo zikhale zoona, zimalonjeza za cipangizo cokha. Palibe bokosi limene linalembedwa kuti khutu la wogula lidzatetezeka. Ndipotu hedifoni yosaopa thukuta imapatsa munthu mtima wakuti angakhale nayo m'khutu kucokera pothamanga, posamba, mpaka pa nchito, osaicotsa.

Njira ya khutu kucokera kunja kufika pa kacikopa kamene kamalandira mau ndi yaifupi, pafupi-fupi masentimita awiri ndi theka kwa munthu wamkulu, ndipo khungu lake ndi lopyapyala kwambiri. Phula limene ambiri amaliona ngati litsiro ndilo mlonda wa malowa. Limachinga madzi kuti asalowerere m'khungu, ndipo lili ndi kuwawasa kumene tizirombo tambiri sitikondwera nako. Khutu limadziyeretsa lokha: khungu lake limasendera kunja pang'ono-pang'ono litanyamula phula lakale, ndipo kutafuna ndi kulankhula kumathandiza nchitoyo.

Khutu likakhala lonyowa nthawi yaitali, khungu limafewa monga mmene zala za munthu wocapa tsiku lonse zimacitira. Phula limasungunuka, ndipo kamphira kamene kakugwedezeka pa phazi lililonse la wothamanga kamapekesa khungu lofewalo. Pamenepo tizirombo tapeza khomo. Madokotala amachula matendawa kuti otitis externa, ndipo kwa zaka zambiri anali kudziwika ngati matenda a anthu osambira. Tizirombo timene timayambitsa kwambiri ndi Pseudomonas, kamene kamakonda malo onyowa, ndi Staphylococcus, kamene kamakhala pa khungu la anthu ambiri popanda kubvuta mpaka khungulo litang'ambika.

Palinso nkhungu, yofanana ndi cuku cimene cimamera pa buledi kapena pa nsima yogona masiku. Iyi imakonda maiko otentha ndi a cinyezi, ndipo nyengo ya dzinja, kuyambira November mpaka April, imaikomera kwambiri. Khutu logwidwa ndi nkhungu limayabwa moti munthu amasowa tulo, ndipo wacipatala akaunika mkati amaona zinthu zonga nyuzipepala yonyowa, nthawi zina zokhala ndi timadontho takuda.

Zizindikiro si zobvuta kuzidziwa. Kumayamba ndi kuyabwa, kenaka khutu limamveka ngati latsekeka, ndipo munthu akakoka khutu kapena kudina kanyama ka kutsogolo kwa bowo amamva kupweteka kwambiri. Pambuyo pake pamatuluka madzi kapena mafinya onunkha. Izi zisiyana ndi kupweteka kwa khutu kumene kumagwira ana ang'ono pambuyo pa cimfine, kumene kumacokera mkati kuseri kwa kacikopa kaja. Koma kusiyanitsa matendawa ndi nchito ya wacipatala amene ali ndi nyali younikira m'khutu, osati ya mnansi.

Cimene cimakulitsa matendawa m'nyumba zambiri ndi kukanda. Khutu likayabwa munthu amatenga kamtengo ka macisi, nthenga ya nkhuku, cotsekera bolopeni, kiyi, kapena timitengo ta thonje tija togula m'sitolo. Kukoma kwake ndi kwa mphindi imodzi. Zotsatira zake ndi zakuti phula loteteza lacotsedwa, lina lakankhidwira mkati, ndipo khungu lakalika. Mawa lace m'mawa hedifoni yonyowa ibwerera pa bala lomwelo. Timitengo ta thonje timaoneka ngati ukhondo wa anthu ophunzira, koma mkati mwa khutu timaononga mofanana ndi nthenga ya nkhuku.

Kenaka pamabwera mankhwala a pa nyumba. Wina athira mafuta ophikira, wina madzi ofinya ku masamba, wina athyola kapisozi ndi kuthira ufa wake m'khutu, wina agula mankhwala odonthezera popanda kuonana ndi wacipatala. Ngati kacikopa ka mkati kanabooka, zina mwa zinthu zimenezi zimalowa mpaka mkati ndipo zingaononge kumva. Ngati bvuto ndi nkhungu, mankhwala opha tizirombo tina samaigwira, ndipo kuwagwiritsa nchito nthawi yaitali kumaipatsa malo oti ikule bwino. Munthu amatha mwezi akudzicitira cipatala, pamene ku kiliniki akanamuyeretsa khutu ndi kumupatsa mankhwala oyenera a masiku pafupi-fupi 7.

Gulu lofunika kuchera khutu kwambiri pa nkhaniyi ndi la anthu odwala matenda a shuga, okalamba, ndi amene citetezo ca thupi lao cinatsika, monga ena amene ali ndi kacirombo ka HIV koma sakumwa bwino mankhwala. Kwa iwo matenda a khungu la m'khutu angathe kulowerera mpaka ku fupa la mutu, ndipo pamenepo munthu amafunika kugonekedwa m'cipatala ndi kulandira mankhwala kwa milungu yambiri. Cocititsa cisoni ndi cakuti anthu a shuga ndiwo amauzidwa ku kiliniki kuti aziyenda ndawala ndi kucita masewera olimbitsa thupi, ndipo ana ao powakonda amawagulira mahedifoni kuti asamasungulumwe pa njira. Atate kapena amai a shuga akadandaula kuti khutu likupweteka kwambiri usiku, kapena likutuluka mafinya, si nkhani yoyembekeza kutha kwa mwezi.

Akulu-akulu ena akamva zonsezi amati mankhwala ake ndi kuletsa mahedifoni pa nyumba. Maganizo amenewa ndi olakwika. Matenda a shuga ndi a BP akuculuka m'matauni, ndipo WHO imalangiza munthu wamkulu kucita masewera olimbitsa thupi kwa mphindi zosacepera 150 pa mlungu. Ngati nyimbo ya kwaya kapena ya kalindula ndiyo imadzutsa munthu pa mphasa kuti akazungulire bwalo la David Kaunda, nyimboyo ikugwira nchito yabwino. Mnyamata wolandidwa mahedifoni amaleka kuthamanga kapena amakabwereka kwa mnzace, ndipo zonse ziwirizi ndi zoipa kuposa poyamba.

Kubwerekana ndiko kufunika kuletsedwa. M'nyumba zambiri mahedifoni amakhala amodzi: mkulu athamanga nao m'mawa, mng'ono amverera nao nyimbo masana, mlongo wao agona nao usiku. Palibe mai amene angalole ana ake kubwerekana mswaci, koma kamphira konyowa ndi thukuta ndi phula la munthu wina kamayenda makutu atatu pa tsiku popanda wodzudzula. Kumene ndalama sizilola kuti aliyense akhale ndi ake, timphirato ticotsedwe, titsukidwe ndi madzi ndi sopo, ndipo tiume bwino wina asanabvale.

Zina zonse ndi zosafuna ndalama. Wothamanga akafika pa nyumba acotse mahedifoni nthawi yomweyo, apukute kunja kwa khutu ndi thaulo loyera, apendeketse mutu mbali iyi ndi inayo, ndipo asiye makutu apume asanabvalenso ciliconse. Mahedifoni apukutidwe ndi kansalu konyowa pang'ono kuti mcere ucoke, kenaka ndi kouma, ndipo kasefa katsukidwe ndi mswaci wakale wofewa ndi wouma, osati singano. Amene alibe waya asabwezeredwe m'kabokosi kochajira akali onyowa, cifukwa tizitsulo tolandirira moto timacita dzimbiri msanga. Kuwakwirira mu mpunga sikucotsa mcere, ndipo kuwayanika pa malata m'dzuwa loswa mtengo la October kumaononga batire. Pa mthunzi podutsa mphepo ndi pokwanira.

Posankha, munthu amene amatuluka thukuta kwambiri kapena amene khutu linamubvutapo kale acita bwino kutenga mahedifoni osatseka bowo la khutu. Alipo okolowekedwa kunja, ndipo alipo ena odutsitsa mau pa fupa la pafupi ndi khutu, ngakhale kuti awa mtengo wake ndi wokwera. Amene amathamanga ali awiri kapena atatu pa bwalo angathe kungoika foni m'thumba nyimbo ikulira poyera. Voliyumu isapyole magawo 60 pa 100 a mphamvu ya cipangizo, monga mmene WHO imalangizira.

Khutu likayamba kale kupweteka, njira ndi ya ku kiliniki ya pafupi. Zikakula, odwala amatumizidwa ku zipatala zazikulu monga Chipata Central kapena St Francis ku Katete, ndipo mu Lusaka muli madokotala a makutu, mphuno ndi pakhosi ku UTH ndi ku Beit CURE, kumene amapimanso mmene munthu akumvera. Wodwala auze wacipatala mosabisa kuti amathamanga ndi mahedifoni ndiponso zimene wakhala akuthira m'khutu, cifukwa zimenezo zimathandiza posankha mankhwala.

Pa masiku onse a mankhwala khutu lisalowe madzi posamba ndipo mahedifoni akhale m'kabati. Ululu umayamba kucepa pakapita masiku awiri kapena atatu, ndipo apa ndi pamene ambiri amaleka kudonthezera mankhwala ndi kubwezera kamphira kakale m'khutu osakatsuka. Pakapita milungu iwiri amapezekanso pa mzere wa ku kiliniki atagwira khutu lomwelo.