Tikwere ndi ana kuphiri, akaone kumene madzi amachokera

Anzanga a m'mudzi muno ndi inu abale athu a m'tauni, lero za mtengo wa feteleza tiziike kaye pambali. Ndikufuna tikambirane za phiri la Zomba. Timaliona tsiku lililonse tikangotuluka m'nyumba, koma ambirife sitinalikwerepo popanda nkhwangwa paphewa kapena nkhata pamutu.

Maganizo anga ndi awa: mwezi uno wa Okutobala, mvula isanagwe, banja lililonse lipatule tsiku limodzi, likwere ndi ana kukaona damu la Mulunguzi ndi kuyenda m'mbali mwa mtsinje. Nkhwangwa itsale kunyumba.

Ndikudziwa kale zomwe ena muyankhe. "Aaa, mlimi n'kumakaona madzi? Zachizungu zimenezo." Wina anena kuti ino ndi nthawi yososa ndi kupanga mizere. N'zoona, nanenso munda wanga sunathe. Koma tinene chilungamo, dzuwa la Okutobala likafika pamutu ndani amakhala akadali ndi khasu m'manja? Masiku omwe timathera pa bawo ndi pa mpira ndi angati? Tsiku limodzi silingagonetse munda. Mu 1965 mfumu Haile Selassie ya ku Ethiopia inakwera phiri lomweli, ndipo mpaka lero pamalo pomwe inaima pamatchedwa Emperor's View. Munthu wochokera kutali choncho anaona kuti n'koyenera, ife a patsinde pomwepa tikuti n'kutaya nthawi?

Ena amaopa kuti ana ndi agogo sangathe. Ngati mukuganiza za njira yachidule ija amati Potato Path, mukunena zoona, imeneyo ndi chikweza chokhachokha, musadutseko ndi ana aang'ono. Koma pali msewu wa tala wochokera m'tauni wopita ku Chawe, galimoto kapena njinga yamoto imakufikitsani pafupi ndi damu. Kuchokera pamenepo kanjira kamatsata mtsinje wa Mulunguzi chokwera pang'onopang'ono, kudutsa mathithi a Mandala, maiwe omwe anakumbira nsomba za trout, mpaka kukafika ku mathithi a Williams. Malo ambiri mumayenda mumthunzi. Mwana wa Sitandade 2 amayenda bwinobwino, ndipo wotopa amakhala pamwala n'kudikira anzake. Kumtundako kumazizira ngakhale m'chilimwe, paja nsonga yake yaitali, Malumbe, imapitirira mamita 2,000. Kuno tikuwauka, kumeneko mumafuna juzi.

Tsono chifukwa changa chachikulu si mphepo yozizirayo. Funsani mwana wanu kuti madzi amachokera kuti. Wa kumudzi ayankha kuti pa mjigo, wa m'tauni ayankha kuti pa mpopi. Palibe amene atchule phiri. Chonsecho madzi a m'mipopi ya mumzinda wa Zomba amachokera mu damu lomweli. Otsala amatsika ndi Mulunguzi, kudutsa m'tauni, kukathira mu Likangala, kukamwetsa mpunga wa kusikimu, mpaka kukafika ku nyanja ya Chilwa. Mtsinje wa Domasi nawonso umayambira kumapiri komweku. Akuluakulu mukukumbukira Chilwa ataphwa mu 1995 mvula itavuta, ndipo mu 2018 tinaonanso mabwato atakhala pa matope ouma. Matemba anasowa pamsika, ndiwo zinavuta m'makomo mwathu momwemuno.

Mvula sitingailamule, koma pomwe imagwera tingapasamale. Pamene pali mitengo, masamba ogwa ndi mizu zimagwira madzi, amalowa pansi, n'kumatuluka pang'onopang'ono mu akasupe mpaka chilimwe chithe. Pamene pametedwa mpala, mvula imathamanga tsiku lomwelo itanyamula dothi, dothilo n'kukadzaza mu damu, ndipo pofika Okutobala khwawa lauma. Izi mwana akhoza kuloweza kusukulu n'kukhoza mayeso. Koma akaima yekha pamthunzi, phazi lili m'madzi ozizira, kenako n'kuona tsidya linalo zitsa zokhazokha ndi phulusa la moto wolusa, safunanso mphunzitsi. M'mera mpoyamba, abale anga.

Ndisanamizire amayi otola nkhuni kuti ndiwo atha phiri. Mtolo wa pamutu sungafanane ndi lole yodzaza matabwa. Makala omwe amatsika usiku panjinga, amawagula ndani? Si inu a m'tauni magetsi akazima? Tonse tili ndi dzanja pamenepa, ndipo wootcha makala nthawi zambiri ndi mnzathu yemwe chimanga chinamuthera mu Ogasiti. N'chifukwa chake ndikuti ana athu ndi ana anu akwere limodzi, akaone chinthu chimodzi ndi maso awo.

Tsiku labwino lilipo kale. Pa 15 Okutobala ndi Tsiku la Amayi, ana sapita kusukulu, a m'maofesi ali pa tchuthi. Chitenje muwagulire ndithu, sindikuletsa. Koma amayi athu ambiri phiri ili amalidziwa ndi khosi lopweteka ndi miyendo yonjenjemera potsika. Tsiku limodzi akwere opanda chingwe chomangira mtolo, akhale pansi m'mbali mwa madzi, wina awatsanulire thobwa.

Inu achimwene ndi achemwali a m'tauni, zithunzi zanu za kumathithi timaziona pa Facebook, n'zokongola. Pempho langa ndi lakuti mukamakwera, mpando wotsala m'galimotomo mutengerepo mwana wa mlongo wanu wa kumudzi. Mabotolo ndi majumbo mubwerere nawo, madzi amenewo mukawapeza pa mpopi wanu. Ana ogulitsa ma strawberry ndi mabulosi m'mbali mwa msewu musawanenerere mpaka kuwaliza, kumsika waukulu simunenerera chonchotu.

Kwa amene mwatsimikiza, nyamukani m'mamawa. Tengani mbatata yophika kapena chinangwa, madzi akumwa ndi kajuzi ka mwana. Chakudya musachisiye poyera, anyani a kumeneko alibe manyazi. Mu damu musalole mwana kusambira, ndi mwakuya, madzi ake ndi ozizira kwambiri, komanso ndi omwe anthu amamwa. Pa mathithi miyala imaterera, wamng'ono mumugwire dzanja. Moto musayatse paliponse, udzu wa mwezi uno sufuna kunyengerera, ndipo osuta fodya chonde zimitsani bwinobwino. Mutsike dzuwa lisanalowe.

Za ndalama ya mayendedwe ndikudziwa kuti zinthu zathina. Koma pa ukwati ndi pa chinkhoswe timasonkha n'kupeza galimoto, apanso tikhoza. Mabanja anayi kapena asanu atasonkherana, ulendo watheka. Amati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Athuwa akulira pa mjigo, tiyeni tikawaonetse dziwe lalikulu lomwe lili pamwamba pa mitu yawo. Amene ali ndi galimoto yoti tingapangane anene msanga, ine ndi ana anga ndi mayi awo tilembeni kale.