Apambane ndi Munthu, Osati Mpini

Anzanga, amene munagwirapo khasu mukudziwa: mpini ukakhala wouma gwa, khasu likagunda mwala manja amachita dzanzi. Bati ya kiriketi nayo ndi chimodzimodzi, poti mpira wake ndi wolimba zedi. N’chifukwa chake mpini wa bati amaupanga ndi timizere ta cane, amalowetsa mphira pakati, kenako n’kukulunga ulusi. Mpini wotere umapindika pang’ono, manja osamva kuwawa.

Makampani ena anayamba kupanga mipini ya carbon fibre, yopepuka koma yolimba. Kulemera kumene kwachoka ku mpini amakuika kumunsi komenyera, mpira n’kumapita kutali. Mu 2008 bungwe la MCC la ku London, lomwe limasunga malamulo a kiriketi, linaletsa zimenezi. Pa bati ya akatswiri, zinthu zina kupatula cane, mtengo ndi ulusi zisapose gawo limodzi mwa magawo 10 a mpini.

Ena amati kumeneku n’kudana ndi chitukuko. Ine ndikuti ayi. Mu 1979 ku Perth, Dennis Lillee wa ku Australia analowa m’bwalo ndi bati ya aluminiyamu, a England n’kudandaula kuti ikuwononga mpira. Akanangomusiya, bwenzi lero anthu akumenyera chiyani?

Taganizirani woponya mpira. Iye alibe chida chatsopano choti akagule, ndi mkono wake womwewo basi. Ife a pa CDSS tikudziwa mmene zimawawira kupikisana ndi mnzako amene wakuposa zipangizo, osati nzeru. Ndiye lamuloli lisachoke. Wogonja azigonja chifukwa cha luso la mnzake, osati thumba lake.