Yezani Mphepo Kandege Kasananyamuke

M'mayiko ambiri muli anthu amene masewero awo ndi kuulutsa tindege ting'onoting'ono. Amatipanga ndi timatabwa topepuka kapena zoyera zija amatchingira nazo wailesi yatsopano m'katoni, n'kuikamo kainjini koyendera batire, ndipo amatiwongolera ali pansi ndi rimoti m'manja. Kwa zaka zambiri izi zinali zosangalatsa za anthu opeza bwino a m'mizinda. Lero luso lomwelo lasanduka ntchito ndipo lafika m'midzi. M'chaka cha 2016 ku Lilongwe anayesa ngati tindege topanda woyendetsa m'kati, tija ambiri amati ma drone, tingathe kunyamula magazi a makanda kupita nawo kokayeza HIV. Chaka chomwecho dziko la Rwanda linayamba kutumiza magazi m'zipatala pa tindege totere. Mu 2017 boma la Malawi ndi bungwe la UNICEF anatsegula malo oyeserapo tindegeti ku Kasungu, ndipo mu 2020 ku Lilongwe kunatsegulidwa sukulu yotchedwa African Drone and Data Academy yophunzitsa achinyamata kutipanga ndi kutiulutsa.

Anzathu amasewero aja anathyola mapiko ambiri asanamvetse phunziro limodzi: chimene chimalamula ulendo wa kandege ndi mphepo, ndipo mphepo iyenera kuyezedwa, osati kungoiganizira. M'kope lino tiona mmene amaiyezera, chifukwa luso limeneli ndi lothandiza kwa mlangizi wa zaumoyo amene angalandire kandege pachipatala chake, komanso kwa mlimi amene sadzagwirako rimoti moyo wake wonse.

Kodi mphepo imachita chiyani ndi kandege?

Kandege kamayenda mumpweya monga momwe bwato limayendera pamtsinje. Madzi akamapita kumene bwato likupita, wopalasa amafulumira. Akamalimbana nawo, amatopa koma mtunda osatha.

Tiyerekeze kuti kandege kamathamanga makilomita 40 pa ola ndipo tikukatuma pamalo a makilomita 10. Tsiku la bata katenga mphindi 15 popita ndi 15 pobwera, zonse pamodzi 30. Koma pakakhala mphepo ya makilomita 20 pa ola yokankhira kumene kakupita, kafika m'mphindi 10 zokha. Pobwera ndiye pali nkhani: liwiro lake poyerekeza ndi nthaka latsika kufika pa makilomita 20 pa ola, choncho katenga mphindi 30. Ulendo wonse wakwana mphindi 40. Zimene mphepo inapereka popita n'zochepa kuyerekeza ndi zimene yalanda pobwera, ndipo batire limene likanakwanira tsiku la bata likhoza kuthera m'munda mwa eni. N'chifukwa chake odziwa masewerowa amayamba ulendo polimbana ndi mphepo batire likadali lodzaza, kuti ikawakankhe pobwerera. Ponyamuka ndi potera, kandege kamapiko kayenera kuyang'ana kumene mphepo ikuchokera.

Chachiwiri n'chakuti mphamvu ya mphepo siikula mofanana ndi liwiro lake. Liwiro likawirikiza kawiri, mphamvu yokankha imawirikiza kanayi; likawirikiza katatu, imawirikiza kasanu ndi kanayi. Mphepo imene munthu wamkulu akuiona ngati yangoonjezereka pang'ono ikhoza kutembenuza kandege kolemera ngati paketi ya shuga.

Muyeso wa maso

Munthu akhoza kuyeza mphepo alibe chida chilichonse. Mu 1805 msilikali wa pamadzi wa dziko la Britain, Francis Beaufort, anakonza muyeso wopatsa mphepo manambala kuyambira 0 mpaka 12 malinga ndi zimene ikuchita. Iye ankayang'ana zombo za matanga, koma pambuyo pake ena anaonjezerapo zizindikiro za pamtunda. Manambala amene akutikhudza ndi awa:

0: Bata. Utsi ukukwera molunjika.

1: Makilomita 1 mpaka 5 pa ola. Utsi wapendekera, koma masamba ali zii.

2: Makilomita 6 mpaka 11. Mphepo ikumveka kumaso, masamba akuchita phokoso pang'ono.

3: Makilomita 12 mpaka 19. Masamba ndi timphukira zikugwedezeka osaleka, mbendera yopepuka yatambasuka.

4: Makilomita 20 mpaka 28. Fumbi ndi mapepala zikuuluka, nthambi zing'onozing'ono zikugwedezeka.

5: Makilomita 29 mpaka 38. Mitengo ing'onoing'ono ya masamba ikutekeseka yonse.

6: Makilomita 39 mpaka 49. Nthambi zikuluzikulu zikugwedezeka, mawaya akulira, ambulera ikuvuta kugwira.

Wongoyamba kumene kuulutsa kandege kopepuka asapitirire nambala 2. Wozolowera amatha pa 3, ndipo pa 4 pamafunika kandege kolemererapo ndi manja okhwima. Tima drone tambiri ting'onoting'ono tojambulira zithunzi malire ake ndi pafupifupi mamita 10 pa sekondi, imene ndi nambala 5. Dziwani kuti malire amene kampani yalemba ndi pothera penipeni, si poti muzigwirirapo ntchito tsiku ndi tsiku.

Zida zoyezera

Chida choyezera liwiro la mphepo chimatchedwa anemometer. Cha timakapu tozungulira, chimene mumachiona m'malo a zanyengo, anachipanga ndi Thomas Romney Robinson ku Armagh pachilumba cha Ireland mu 1846. Masiku ano kuli tina tam'manja, tofanana kukula ndi foni, tokhala ndi kafani pamwamba. Poyeza, imirirani pamtetete, kwezani dzanja, loza chidacho kumene mphepo ikuchokera, ndipo thupi lanu lisachitchinge. Samalani ndi manambala: zida zina zimaonetsa mamita pa sekondi, zina makilomita pa ola. Kuti musinthe mamita pa sekondi akhale makilomita pa ola, chulukitsani ndi 3.6. Mamita 5 pa sekondi ndi makilomita 18 pa ola. Wosokoneza ziwirizi akhoza kuona 8 n'kumati ndi kamphepo kayaziyazi, chonsecho ndi mphepo ya pafupifupi makilomita 29 pa ola.

Ngati chida palibe, yezani mamita 10 pabwalo motsata mphepo. Wina aponye m'mwamba kanthenga kapena kathonje, wina awerenge masekondi amene katenge kuti kadutse mamitawo. Kakatenga masekondi 5, mphepo ndi mamita 2 pa sekondi. Kakatenga 2, ndi mamita 5 pa sekondi. Bwerezani kasanu, chifukwa kuyesa kamodzi kumanamiza.

Chida china ndi thumba la nsalu lija limapachikidwa pamtengo m'mabwalo a ndege. Lovomerezeka limatambasuka lonse mphepo ikafika pafupifupi makilomita 28 pa ola. Losoka nokha kwa telala silingakupatseni nambala yeniyeni, koma likuuzani kumene mphepo ikuchokera ndiponso ngati ikusinthasintha. Ngakhale kansalu kopepuka komangirira pansonga ya nsungwi kamagwira ntchito imeneyi.

Zinthu zinayi zimene zimanamiza woyeza

Choyamba ndi kutalika. Pafupi ndi nthaka, udzu, mitengo ndi nyumba zimachepetsa mphepo. N'chifukwa chake a zanyengo padziko lonse anagwirizana zoyezera pa mamita 10 kuchokera pansi. Kandege kakakwera mamita 50 kapena 100 kawirikawiri kamakumana ndi mphepo yoposa imene munayeza ndi dzanja. Yang'anani nsonga za mitengo italiitali, osati udzu wa pamapazi panu.

Chachiwiri ndi mphepo yobwera mwadzidzidzi. Mphepo yokhazikika ya makilomita 20 pa ola n'njosavuta kusiyana ndi imene ikulumpha kuchoka pa 8 kufika pa 25. Yezani kwa mphindi zosachepera ziwiri, lembani nambala yomwe ikubwera kawirikawiri ndi yaikulu kwambiri, ndipo chiganizo chanu chitsamire pa yaikuluyo.

Chachitatu ndi zotchinga. Kuseri kwa mzere wa bulugamu, tchalitchi kapena chulu chachikulu, mpweya umazungulirazungulira monga madzi kuseri kwa mwala mumtsinje. Chisokonezo chimenechi chimafika mtunda wowirikiza kakhumi kutalika kwa chotchingacho, nthawi zina kuposa. Ngati mitengo ndi ya mamita 15, malo oterapo akhale mamita 150 kuchokera pamenepo kumbali imene mphepo ikulowera. Malo amene munthu amabisalapo mphepo ndiwo oipitsitsa kwa kandege.

Chachinayi ndi nthawi. M'madera ambiri mphepo imagona m'bandakucha, imadzuka dzuwa likamakwera, n'kufika pachimake masana. M'miyezi yotentha ya September mpaka November timakhala ndi akamvuluvulu amene amabuka popanda chenjezo. M'mbali mwa nyanja ya Malawi, asodzi amadziwa ukali wa mwera m'nyengo yozizira, komanso mpoto ndi vuma. Zimene foni kapena wailesi yanena ndi za dera lonse. Za pabwalo panu muyeze nokha, ndipo muyezenso nthawi yonyamuka ikakwana.

Phindu kwa mlimi ndi mlangizi

Muyeso womwewu umagwira ntchito m'munda. Popopera mankhwala a mbozi, mphepo yabwino ndi ya nambala 2, yokhazikika, yopita kutali ndi nyumba, zitsime ndi ming'oma ya njuchi. Ikafika pa 3, pewani mankhwala opha udzu, chifukwa akhoza kukatentha mbewu za mnansi wanu. Ikafika pa 4, tulani chopoperacho: ndalama zanu zikuuluka, ndipo mankhwala akugwera pamene simunafune. Bata lenileni nalonso si labwino, popeza timadontho timangolendewera mumpweya n'kupita kosadziwika. Wopopera aziyenda moti mphepo izichotsa mankhwala pathupi lake.

Kwa alangizi ndi makomiti a chitukuko, pempho lathu ndi ili. Ngati m'dera lanu mwabwera ntchito ya tindege totere, thandizani kusankha bwalo lopanda mitengo ndi mawaya, imikani nsungwi ya kansalu, ndipo ana aziima kutali, popeza pulopela imacheka ngati mpeni. Sungani kabuku kolembamo tsiku, ola, kumene mphepo yachokera ndi nambala yake. Pakatha chaka, kabukuko kadzakuuzani miyezi ndi maola abwino, ndipo kadzathandiza woulutsa ndege, wopopera mankhwala ngakhale wofuna kudzala mitengo yotchinga mphepo. Woulutsa ali kutali akaimba foni kufunsa za mphepo, yankho loti "nambala 3, ikuchokera kumwera, nthawi zina ikufika 4" likhoza kupulumutsa katundu amene wodwala akudikira, pamene loti "iliko pang'ono" silithandiza aliyense. Akuluakulu anati konza kapansi kuti kam'mwamba katsike.