Timu Siimangidwa ndi Thumba la Bwana

Kuno ku Chiponde, mpira ukatha pa bwalo, mkangano umayambira pa tiyirumu. Ndipo nyimbo ya akuluakulu ndi imodzi chaka ndi chaka: timu yathu yagwa chifukwa tilibe bwana wa ndalama. Akuti tingopeza munthu mmodzi wa thumba lakuya, basi zikho zidzayamba kubwera zokha. Ine maganizo amenewa ndimawakana, ndipo umboni wanga ndiutenga ku timu yomwe ambiri mwa akuluakuluwa amaifera.

Amene anali ndi wailesi mu 2004 akukumbukira Bakili Bullets. Pulezidenti Bakili Muluzi anaitenga timuyi ndi kuipatsa dzina lake, ndalama zinkayenda ngati madzi a mu Shire, ndipo anyamata a Kinnah Phiri anachita zomwe timu ina iliyonse ya m'dziko muno inali isanachitepo. Anatulutsa Orlando Pirates ya ku South Africa ndi kulowa m'ndime ya m'magulu ya CAF Champions League, komwe anakumana ndi Enyimba ya ku Nigeria. Ulemerero umenewo sindikuunyoza ayi. Nanenso ndinakuwa mpaka mawu kusasa.

Koma tafunsani chomwe chinatsala bwanayo atabweza dzanja. Bwalo lawolawo panalibe. Ndalama zosungira mawa panalibe. Osewera odziwa anabalalika, ena kulowera ku South Africa, ndipo timu yomwe inatenga ligi zaka zisanu ndi ziwiri zotsatizana, kuyambira 1999 mpaka 2005, inakhala osailawanso mpaka 2014. M'zaka zimenezo nkhani za Bullets m'nyuzipepala zinali za ngongole, za malipiro ochedwa ndi za masapota ofuna kulamula komiti. Pajatu fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Ndalama za Muluzi zinali za Muluzi.

Wina anena kuti: nanga si ndalama zomwezo za Nyasa Manufacturing Company zomwe zinadzutsa Bullets? Zoona, popanda ndalama palibe chikanayenda. Koma kusiyana kwake kuli apa. Mu 2017 timuyi inasanduka kampani, yokhala ndi ofesi, antchito olembedwa ndi mabuku a chuma. Osewera anayamba kudziwa tsiku lolandira. Timu ya achisodzera inasamalidwa kuti izidyetsa yaikulu, m'malo mothamangira kugula aliyense wogoletsa zigoli ziwiri kwina. Koposa zonse, Kalisto Pasuwa atabwera kuchokera ku Zimbabwe mu 2018, anamusiya agwire ntchito. Zotsatira zake ndi ligi kasanu kotsatizana, mpaka 2023. Kodi m'masiku a chipwirikiti aja mphunzitsi akanatha zaka zisanu pa mpando? Akanangogonja kawiri, masapota akanamudikirira pa geti.

Ndipo ngati dzina la kampani palokha likanakhala mankhwala, ESCOM United ikanakhalapo lero. Inatenga ligi kawiri, koma mwini wake atatseka mpopi, timu inauma ngati chitsime cha m'chilimwe. MDC United nayo ili kuti?

Tibwerere kwathu. Timu ina ya m'dera lathu lino, dzina ndilisunge, inalandira yunifolomu, mipira ndi ndalama kwa munthu wina wofuna mavoti. Tinavina. Patangotha miyezi itatu, majezi anali m'misana mwa abale a akomiti, ena akuoneka mpaka ku msika wa ku Mandimba. Tsiku lokasewera ku Namwera, ulendo waufupi chabe, anyamata anasonkha okha ya galimoto. Nditafunsa pa msonkhano kuti buku la ndalama lili kuti, mkulu wina anandiyankha kuti, "Achimwene, kuno si ku ofesi ya boma." Anthu anaseka. Koma kope la ana a sukulu limagulidwa ndalama zingati? Kulemba kuti talandira zakuti, tagula zakuti, zatsala zakuti, kodi zimenezi zimafuna digiri?

Chomwe chimandiwawa kwambiri ndi anyamata. Mwana waluso amasewera zaka zitatu popanda womulemba dzina, popanda womutengera kukayesedwa ku timu yaikulu. Akatopa amakwera njinga yamoto kukachita kabaza pa chipata, kapena amanyamuka wa ku Joni monga anachitira akulu ake. Ife n'kumati luso kuno latha.

Komiti yathu yakhala pampando zaka zambiri popanda chisankho. Pa msonkhano ukubwerawu ndidzapempha zinthu zitatu: chisankho, akaunti ya timu yosayinira anthu atatu, ndi kuti msungichuma aziwerenga buku pamaso pa osewera mwezi uliwonse. Kope ndagula kale, lili m'chikwama changa.